Ahedi Oopa Kuti Ana Angakhoze

Ku Mzilikazi, lokeshoni ya ku Bulawayo yomwe inatenga dzina la mfumu ya Andebele ija inamwalira mu 1868, kuli sukulu zambiri kuposa zomwe boma limadziwa. Garaja ya pansi pa mtengo ndi sukulu. Saluni ya m'chipinda chakuseri ndi sukulu. Telala wa pakhonde la golosale, ameneyo ndiye koleji yeniyeni. Chovuta n'chakuti ahedi a sukulu zimenezi amagona ndi mantha amodzi: kuti ana angakhoze.

Tiyambire kwa makaniko wina chakufupi ndi bwalo la Barbourfields, komwe timu ya Highlanders imasewerera. Mkuluyu, mwana wa tchona wa ku Dedza, anali ndi mnyamata wophunzira ntchito, aja timawati masipanala boyi. Mnyamatayo ankaloledwa kumasula matayala, kutsuka maboti m'petulo ndi kugona kunsi kwa galimoto kuti aone pomwe oyilo akudonthera. Koma ikangokwana nthawi yotsegula injini, bwana ankapisa dzanja m'thumba.

"Iwe, thamanga ukagule buledi."

"Bwana, wam'mawa uja sitinamalize."

"Wauma ameneyo. Kagule wina."

Pobwerako ankapeza injini ikulira kale bwinobwino, bwana akupukuta girisi m'manja. Zinayenda choncho zaka zinayi, mpaka tsiku lina mnyamata anadzatsanzika. Bwana mtima unangoti phwii, poganiza kuti makasitomala onse apita.

"Ndiye garaja yakoyo ukatsegulira pati?"

"Garaja? Ayi bwana, ine m'kati mwa injini sindinaonemo. Ndikukatsegula golosale. Mtengo wa buledi ndikuudziwa m'mashopu onse kuyambira ku Makokoba mpaka ku Nguboyenja, ndiponso ola lomwe galimoto yoperekera imafika."

Lero makanikoyo amagula buledi kwa wophunzira wake. Ngongole samupatsa.

*

Kubisirana luso kumeneku sitinakutengere kwa agogo athu. Iwo aja anabwera kuno pa malole a Ulere kapena kudzera ku Mthandizi, ena Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanayambe mu 1953, ena chili m'kati, anali ndi yankho limodzi pa funso lililonse la mzungu: "Ndimatha, bwana." Kuphunzira kunkabwera pambuyo, ndipo mphunzitsi ankakhala wakumudzi mnzako.

Madala ena a ku Nkhata Bay ankakonda kusimba kuti analembedwa ukhukhi Lolemba asanagwirepo foloko chibadwire. Mwayi wawo, khukhi wa nyumba yoyandikana nayo analinso wa kunyanja komweko. Malangizo ankadutsa pampanda: "Swa mazira awiri. Takasa. Ukamva fungo ndiye kuti wapsereza, yambiranso." Pofika Lachisanu, dona anayamba kuyamikira. Koma poti mphunzitsi anali mmodzi yekhayo, msewu wonse unkadya pudini yofanana tsiku lofanana, ndipo madona ankanamizana pa tiyi kuti aliyense waphunzitsa yekha khukhi wake, kuchokera m'buku la amayi ake a ku England.

"Amayi a ku England amenewo," ankatero madalawo, "kwawo kunali ku Chintheche."

*

Sukulu yeniyeni ya ntchito zamanja ku Mzilikazi iliko, ndipo ndi yakale. Mu 1963 khansolo ya mzinda inatsegula Mzilikazi Art and Craft Centre kuti achinyamata osiya sukulu aziphunzira kuumba mbale, makapu ndi miphika, kujambula komanso kusema. Zaka zimenezo zochitika za m'malokeshoni ankayang'anira ndi Hugh Ashton, ndipo ndalama zambiri zomangira maholo, malaibulale ndi malo a achinyamata zinkachokera ku phindu la mowa wamasese womwe khansoloyo inkafulula yokha n'kumagulitsa m'mabiyaholo ake. Ndiwo mowa wa Ingwebu umene udakamwedwabe mpaka lero.

Bambo wina wa panjanji nkhaniyi anaimvetsa mopitirira muyeso. Mwezi utatha anafika pakhomo usiku, matumba ali pululu.

"Bambo a ana, fizi ija ili kuti?"

"Ndalipira kale."

"Kusukulu yake iti?"

"Ku biyaholo. Inu mukuganiza za ana atatu, ine ndikuphunzitsa lokeshoni yonse."

Mayi sanatsutse. Mawa lake madzulo anatenga madzi osamba m'manja, anagwada mwaulemu wonse, n'kuika patebulo mbale yadothi yokongola, yovundikira bwino. Bambo kuvundukula, mulibe kanthu.

"Nanga nsima?"

"Idyani mbaleyo. Aumba ndi ana anu munalipirira fizi aja."

Tiseke, koma khansolo ya nthawi imeneyo inkadziwa chinthu chomwe eni mabizinesi ambiri lero amachizemba: luso lili ndi mtengo, ndipo pamayenera kupezeka wina woulipira.

*

Kale wolipirayo ankakhala kampani. Bulawayo ndi kwawo kwa njanji, likulu la National Railways of Zimbabwe lili konkuno, ndipo utsi wa mafakitale ndi womwe unatchukitsa mzindawu. Mnyamata ankalowa ntchito ngati wophunzira, zaka zinayi akugwira zitsulo masana, nthawi zina n'kumakakhala m'kalasi ku Bulawayo Polytechnic, potuluka ali mmisiri wa pepala lake. Mafakitale ambiri a ku Belmont anatseka, ndipo nyumba zina zinasanduka matchalitchi. N'chifukwa chake katundu yense wophunzitsa achinyamata wagwera timashopu ta m'lokeshoni.

Mmisiri wina wopuma, amene anagwira ntchito zaka zambiri mufakitale ya nsalu, anakokedwa ndi mkazi wake kupita ku tchalitchi chatsopano. Kufika, n'kupeza ndi fakitale yake yomwe ija. Anakakhala pamalo penipeni pomwe pankakhala makina ake. Potuluka mkazi anafunsa ngati wadalitsika.

"Palibe chasintha," anatero. "Phokoso ndi lomwe lija, akapitawo akuyendayendabe m'mizere, ndipo ndalama akudulabe. Kungoti kale ankayamba atilipira kaye."

*

Boma nalo lili ndi thumba lake lophunzitsira antchito, lotchedwa ZIMDEF, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1984. Olemba anthu ntchito amaponyamo 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. A ku Malawi musadabwe, ndi zomwe zija makampani amapereka ku TEVETA, nakonso ndi 1 peresenti.

Wina anakafotokozera zimenezi mwini shopu yowotcherera zitsulo, munthu wa mageti ndi mafelemu a mawindo. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Mwati 1 peresenti ya malipiro omwe ndapereka?"

"Eya."

"Ndiye ine ndilibe ngongole ndi boma. Anyamatawa miyezi itatu tsopano sindinawalipire."

Anyamatawo anali pomwepo, akumva. Mmodzi anatsitsa chophimba kumaso n'kuyatsa moto, kuti misozi ioneke ngati ya kuwala.

*

Ya telala iyi ndiyo imandipweteketsa nthiti. Aliyense amadziwa kuti ku Zimbabwe singano inkawayanja Amalawi, makamaka achimwene athu achiyawo ndi makina awo a Singer opalasa ndi mwendo. Telala wina wotere anali ndi maoda ochuluka a yunifomu, moti Januwale akayandikira ankagona maola owerengeka. Anafunika omuthandiza, koma ankaopa kulera mpikisano pakhomo pake. Anagona nayo nkhaniyo, ndipo kutacha anadzuka ndi nzeru.

Analemba anyamata atatu. Woyamba anamuphunzitsa kudula kokha, ulusi osaugwira. Wachiwiri anamuphunzitsa kusoka thupi la malaya ndi mikono, kolala ayi. Wachitatu makolala, mabatani ndi mazipi basi. Madzulo aliwonse ankawayang'ana atatuwo akusesa timapisi, mumtima n'kumati: "Achoke mmodzi tione. Akasoka malaya opanda khosi."

Ankafotokozera ngakhale anzake ku mzikiti kuti wapeza mankhwala a antchito othawa. Palibe mmodzi mwa atatuwo amene angathe malaya payekha.

Ananena zoona. Anachoka onse atatu tsiku limodzi, n'kukabwereka khonde la kutsidya kwa msewu. Ndipo poti aliyense anakhala zaka akuchita chinthu chimodzi chokhachokha, amasoka malaya atatu nthawi yomwe mphunzitsi wawo akusoka amodzi. Mwezi wa Januwale telala wathu amakhala pakhonde lake n'kumaona makolo akuwoloka msewu ndi ana awo. Chimene chimamuwawa kwambiri si maoda ayi. N'chakuti anyamatawo akamudutsa amavula zipewa, n'kumuuza aliyense kuti, "Awa ndi amene anatiphunzitsa kugwirizana."

*

Kenako kunabwera nyengo ya mawekishopu. Bungwe lina linaitana eni mabizinesi ang'onoang'ono kuti atumize antchito awo ku maphunziro a masiku atatu pa hotela ina m'tauni. Mayi wina wa saluni anauza mtsikana wake woluka tsitsi kuti achape diresi. Madzulo ake mayiyo anamva kuti kuli alawansi, tiyi kawiri ndi nkhuku masana.

"Mwanawe, ndaganizapo bwino. Maphunziro amenewa ndi ozama, mutu ungakupweteke. Ndipita ndekha, ndidzakufotokozera."

Atabwerako, mtsikana anafunsa: "Mayi, mwaphunzirako zotani?"

"Zambiri. Chachikulu n'choti mpunga suyenera kumatana."

Khoma la saluniyo ladzaza masatifiketi, onse m'dzina la mayiwo, amene sangaluke ngakhale mzere umodzi wowongoka. Koma tsiku lina kunabwera wekishopu yopanda alawansi, chakudya aliyense adzionere yekha. Apo ndiye mayi anakumbukira kuti antchito ayenera kutukulidwa. Mtsikana anapita ndi chimanga chowotcha m'chikwama, ndipo anaphunzira kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka. Atabwerako anagula kope, analemba mwezi wathunthu, n'kupeza kuti pa mitu khumi iliyonse yomwe amaluka, iye amalandira ya mutu umodzi. Anakawaonetsa mayi kopelo mwaulemu, manambala ali m'mizere yake.

Mayi anayang'ana nthawi yaitali. "Mawekishopu amenewa," anatero, "akuwononga ana."

Pa mawekishopu amenewa, wantchito wa pa butchala ina yekha ndiye anapindula msanga. Anamuphunzitsa kupereka moni, kumwetulira ndi kuthokoza kasitomala. Za sikelo sanakambeko. Masiku ano amakuberani nyama akumwetulira, n'kukuuzani kuti muyende bwino, mudzabwerenso.

*

Amene amati kugulitsa pakauntala si luso sanagulepo kanthu ku Bulawayo. Mtengo walembedwa m'madola a ku America, kasitomala akulipira marandi, chenje akufuna mu ZiG, ndalama ija inayamba mu Epulo 2024, ndipo zotsala akuti atumiza pa EcoCash netiweki ikabwera. Zonsezi mtsikana wa pakauntala azichite m'mutu, mzere uli kumbuyo.

Mphunzitsi wina wa kalembedwe ka mabuku a ndalama, wa tayi ndi laputopu, atamaliza kuphunzitsa amayi apamsika kuwonkhetsa ndi kuchotsera, anaima pa benchi la mmodzi wa ophunzira ake kuti agule tomato. Anapereka madola 5. Mayi anayankha asanaphethire n'komwe:

"Milu iwiri. Chenje chanu ndi madola 3, marandi 10 ndi anyezi awiri, poti zitsulo ndilibe."

Mphunzitsi anatulutsa foni. Kudinadina, kufufuta, kudinanso. Thukuta linayamba kutsikira m'kolala.

"Aphunzitsi, pitani mukawerengere kunyumba, mwanditsekera makasitomala. Mukapeza kuti ndakuberani mubwere mawa, ndidzakuphunzitsani mwaulere. Satifiketi yokha ndiye ndilibe."

Masamu amenewa anthu a kuno anawaphunzira movutikira. Pakati pa 2006 ndi 2009 banki yaikulu inachotsa maziro pa ndalama katatu: atatu mu Ogasiti 2006, khumi mu Ogasiti 2008 ndi 12 mu Febuluwale 2009, onse pamodzi 25. Pepala limodzi linafika pokhala madola 100 thililiyoni. Kalaliki wina wa malipiro wa nthawi imeneyo anakafunsira ntchito pa golosale, ndipo mwini wake anafuna kudziwa ngati anagwirapo ndalama.

"Bwana, ine mlonda wa pageti ndinkamulipira mabiliyoni."

"Ndiye za pano muzitha?"

"Ndiyesetsa, koma mundipirire. Manja anga sanazolowere tindalama ting'onoting'ono."

*

Makaniko wathu wa buledi uja nayenso tsiku lake linakwana. Iye anakulira pa magalimoto omvera ndi khutu: kuika sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake pakhutu, n'kunena matenda. Koma misewu inadzaza ma Honda Fit ochokera ku Japan, ena oyendera batire ndi petulo pamodzi, omwe sanena matenda awo kwa khutu la munthu. Amafuna kamakina kolumikiza kunsi kwa chiwongolero, kamene kamatulutsa manambala. Mnyamata wake watsopano zimenezi anaziphunzira yekha pa YouTube, usiku, ndi bandulo yogula ndi ndalama ya chakudya.

Galimoto yotere itabwera, mnyamata analumikiza kamakina kake, madala ataweramira paphewa pake, maso ali tong'o kuti aone pomwe akudina. Mnyamata anaima, anapisa dzanja m'thumba.

"Madala, shuga watha. Tathamangani pashopu."

*

Mwini golosale wina anaitanitsa kompyuta kudzera kwa amalayitsha, aja amanyamula katundu kuchokera ku Joni, kuti mnyamata wake wa pakauntala aphunzire kulembamo katundu. Wophunzitsa anapezeka, koma magetsi ankabwera pakati pa usiku n'kuchoka tambala asanalire. Phunziro lililonse linkayamba ndi kuyatsa, ndipo kompyuta ikamati itseguke, magetsi thii. Patha miyezi isanu ndi umodzi. Pa nkhani yoyatsa kompyuta, mnyamatayo alibe mnzake m'lokeshoni monse. Katundu akulembabe m'kope lachikuto cholimba, ndipo kompyuta anaifunditsa kansalu koluka, pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki.

*

Dandaulo la eni mashopu tisalitaye lonse, lili ndi fupa m'kati. Ku Zimbabwe mmisiri amayesedwa mayeso a trade test, kuyambira Class 4 kukwera mpaka Class 1. Wowotcherera wina wamtima wabwino anaphunzitsa anyamata ake zonse osabisa, mpaka kuwalipirira mayesowo. Woyamba atangolandira pepala anakwera galimoto ya amalayitsha kulowera ku Beitbridge, mtunda wa makilomita pafupifupi 320, n'kuwoloka Limpopo. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anasintha pang'ono, analowera ku Plumtree n'kukatulukira ku Botswana. Mwezi wa Disembala ainjiva, aja amagwira ntchito kutsidya kwa Limpopo, akamabwera ndi magalimoto a nambala za GP, mmodzi wa iwo amadzaima pashopu ya mphunzitsi wake kuti amuwotcherere ekizozi mwaulere, poti "ndife amodzi, bwana."

Anzake anayamba kumuseka kuti amalima munda wa eni. Mkuluyo sanayankhe. Anagula penti, anakwera pa makwerero, n'kuwonjezera mzere pachikwangwani cha shopu yake: "Tili ndi nthambi ku Johannesburg, Polokwane ndi Francistown."

Komatu ndaona kuti osaphunzitsidwa nawonso amawoloka Limpopo. Chimawathamangitsa ndi malipiro, osati luso. Kusiyana kwake n'kwakuti wophunzitsidwa amakawotcherera zitsulo n'kumatumiza marandi kwa amayi ake ku Mzilikazi konkuno, pomwe winayo amakatsuka mbale n'kumatumiza moni.

*

Pali kalipentala wina wokalamba, mdzukulu wa tchona wa ku Ntcheu, amene sabisa kanthu. Mnyamata akangolowa pakhomo pake amamugwiritsa sowo, pulena ndi tchizulo mwezi woyamba womwe, amamuonetsa kusankha thabwa louma, kulumikiza ngodya popanda msomali, ngakhale kawerengedwe ka mtengo wouza kasitomala. Amene anadutsa m'manja mwake ambiri ali ndi mashedi awoawo, ena msewu womwewo. Oda ya madesiki a sukulu ikakula, amangotuma mwana kukawaitana, ntchito ya mwezi n'kutha sabata imodzi.

Telala wathu wa anyamata atatu uja, bala lake lisanapole, anapita kukamufunsa.

"Achimwene, inu simuopa kuti ana amenewa akulandani makasitomala?"

"Ndimaopa kwambiri."

"Nanga bwanji mumawaphunzitsa zonse?"

"Pali china chomwe ndimaopa kuposa pamenepo. Bokosi langa adzakhoma ndi mmodzi wa ana omwewa. Sindikufuna kukagwera mumsewu wa ku manda a West Park anthu akuimba."

Ndiye inu eni magaraja, masaluni ndi mashedi a ku Mzilikazi, mnyamata kapena mtsikana wanu akadzapempha kalata yaumboni kuti akalembe trade test, mulembereni. Ndi pepala limodzi, siginecha ndi chidindo basi. Chidindocho musati mulibe, tonse timachiona pa malisiti mukamatilipiritsa.